Abiti Zuberi Asaka Mpeni Wopinda

Mpeni wa Abiti Zuberi unathyoka m'mawa wina m'chilimwe, iwo ali pakhonde kung'amba mlaza. Sikuti ankadula chinthu cholimba ayi. Unangoti thyo ngati kamtengo kouma, nsonga n'kugwera m'fumbi, m'manja n'kutsala chogwirira ndi kachitsulo kosakwana ngakhale kusendera chinangwa. Mpeniwo unali utanoledwa zaka zambirimbiri mpaka kuonda ngati singano yosokera matumba. Aliyense wouona ankadziwa kuti watsala pang'ono kutha, kupatula mwini wakeyo.

Dzina lawo lenileni ndi Rashida, koma m'midzi ya kuseri kwa Ulongwe palibe amene amawatchula choncho. Onse amati Abiti Zuberi, kutengera dzina la bambo awo. Ndi mayi wamfupi, wa zikhatho zokhakhala, wosaseka zinthu zosaseketsa. Ntchito yawo ndi yoluka: mikeka yogonapo, mikeka yoswalira popemphera kumzikiti, zikwama zopitira kumsika, nthawi zina zipewa. Anayamba kuluka asanapite n'komwe ku chinamwali cha nsondo, ndipo ana awo onse anakula, kuvala ndi kuphunzira ndi mlaza womwewo.

Mpeni uja anabwera nawo ndi bambo awo kuchokera ku migodi ya ku Joni. Unali wopinda, wa chogwirira chamtengo wofiirira, ndipo kumsana kwake kunali kamphete. Ukautsegula unkalira kuti kha-kha-kha, n'kuima nji, osapindikanso mpaka utakoka kamphete kaja. Maso a Che Zuberi atayamba kuchita mdima, anaupereka kwa Rashida osati kwa ana awo aamuna, chifukwa ndiye ankaubwereka tsiku ndi tsiku. Kuyambira pamenepo sanasiyane nawo. Poyamba ankaumanga pa mfundo ya chitenje, kenako anayamba kusoketsa kathumba mkati mwa siketi iliyonse. Ankang'ambira mlaza, kusendera mango, kudulira chingwe, kutumbulira nsomba, kuchotsera minga kumapazi kwa ana. Kumaliro, kuukwati, kuchipatala, mpeni unali pomwepo m'chiuno.

Tsiku limene unathyokalo amuna awo, Che Salim, anawapeza atakhala duu, chogwirira chili m'manja. Che Salim anali msodzi ku Chiuta asanabwere kudzakwatira m'mudzimo, koma tsopano amagulitsa matemba ouma pa njinga.

"Kwagwanji, make Zainab?"

"Mpeni wanga wathyoka."

"Aa, pepani. Ndimayesa kuli maliro." Anatsamiritsa njinga kukhoma. "Nanga m'nyumba muno mipeni yatha? Tengani uja mumadulira masamba. Mpeni ndi mpeni basi."

Abiti Zuberi anangowayang'ana mpaka bamboyo anapeza chochita kuseri kwa nyumba.

Komabe ntchito sinakaima, ndiye anatengadi mpeni wodulira masamba uja. Pakhonde unkagwira ntchito, ngakhale unali wautali kwambiri ndipo unkatopetsa mkono. Vuto linali paulendo. Munthu woluka sayenda chimanjamanja: wogula amafuna umudulire tinsonga totuluka m'mbali mwa mkeka, zingwe zomangira katundu zimafuna kudula. Mpeni wosapinda sulowa m'thumba la siketi. Iwo anaukulunga m'chikatoni, n'kuuponya m'chikwama.

Tsiku lina akupita ku Liwonde kukapereka mikeka, minibasi inadzaza mpaka anthu kukhalirana pamiyendo. Chikwama chawo chinapanikizika pansi, pakati pa mapazi awo ndi thumba la mpunga la mayi wina. Galimoto itagwera m'dzenje, nsonga ya mpeni inaboola chikatoni, kuboola chikwama, n'kung'amba thumba lija. Palibe anaona msanga. Anthu anangomva kuti kumapazi kukuterera, poyang'ana pansi, mbee, mpunga wamwazika mpaka kukhomo.

Mwini mpunga analira ngati waberedwa. Kondakitala anasolola mpeniwo n'kuukweza m'mwamba kuti aliyense auone.

"Amayi, mukupita kunkhondo kodi? Bwenzi atalasidwa munthu apa mukanati chiyani?"

Anthu anaseka, ena anatukwana. Abiti Zuberi anagwada m'mbali mwa msewu, munthu wamkulu ndithu, akuwola mpunga ndi manja pamodzi ndi mchenga womwe. Chitenje chawo chatsopano anamupatsa mayi uja kuti amangire wotsalawo. Atafika kunyumba, mpeni wa masamba anaubwezera kukhitchini.

Pa tsiku la msika anapita pa Ulongwe ndi cholinga chimodzi. Anadutsa ogulitsa tomato, ogulitsa kaunjika, mpaka anafika pa benchi ya bambo wina wachinyamata amene ankagulitsa matochi, maloko ndi mipeni yonyezimira.

"Mukugulira madala kunyumba, mama?"

"Ndikugulira ine."

"Oo, ndiye ya kukhitchini ili uku."

"Iyayi. Ndikufuna wopinda. Wa chogwirira chamtengo, wa kamphete kumsana."

Wogulitsayo anaseka. "Imeneyo ndi ya makedzana, mama. Ndani angaitenge lero? Taonani uwu." Anadina kabatani, mpeni n'kutumphuka wokha kuti tswa. Pachogwirira panali chithunzi cha chinjoka.

"Umenewo ndi wa mbava," anatero Abiti Zuberi. "Ine ndimang'amba mlaza."

Anazungulira msika wonse. Kulikonse funso linali lomwelo, kuti akugulira ndani, ndipo kulikonse ankawaonetsa zonyezimira zomwezo. Wina anawauza kuti akayese ku Mangochi, wina anati ku Limbe. Dzuwa litawawotcha mokwanira, anabwerera pa benchi yoyamba ija n'kusankha mpeni umene unali wosanyezimira kwambiri, wa chogwirira chapulasitiki chopakidwa ngati mtengo. Mumtima ankadziwa kuti akudzinamiza. Unali wopepuka ngati supuni.

Mpeniwo sunkasunga makuthwa. Akaunola m'mawa, pofika masana wabuntha. M'malo mong'amba mlaza bwinobwino unkautafuna, timizere tikutuluka tina tonenepa, tina toonda. Pasanapite nthawi kamsomali kogwira chitsulo kanayamba kugwedera. Che Salim anakamenya ndi mwala, kanalimba masiku ochepa, n'kuyambiranso.

Mvula itatsala pang'ono kukhazikika, Abiti Zuberi anapita kudambo kukadula mlaza womaliza woti aumitse. Chikwanje chinali chitagwira kale ntchito yake, iwo ankangosadza timinga ta m'mbali ndi kampeni kaja. Phesi lina linali lolimba. Anakanikiza monga ankachitira ndi mpeni wa bambo awo, umene sunkapindika pokhapokha mwini wake atafuna. Uwu unapindika. Unatsekera pa chala chamkombaphala cha dzanja lamanja, n'kulowa mpaka pafupa.

Sanakuwe. Anautsegula ndi dzanja lamanzere, n'kuuponya kutali m'matope, kumanga chalacho ndi nsonga ya chitenje, n'kuyamba ulendo wa kumudzi magazi akudontha m'njira. Mlaza wonse unatsala komweko. Che Salim anawakweza pa njinga kupita nawo kuchipatala, kumene anawasoka. Panjira bamboyo anayesa kunena kuti mwina anaugwira molakwika.

"Che Salim, palasani njinga," anatero iwo. "Pakamwa pasiyeni."

Balalo linavuta. Linatupa, kutuluka mafinya, kusokedwanso. Litapola, chalacho chinatsala chowuma, chongopindika pang'ono, ndipo kukazizira chinkawawa. Nthawi yonseyi mwezi wa Ramazani unkayandikira, nyengo imene anthu amafuna mikeka yatsopano yoswalira. Amayi ankabwera pakhomo, kupereka salamu, kufunsa za chala, kenako n'kufunsa za mikeka. Abiti Zuberi ankawalozera kwa oluka ena a m'mudzimo, anthu amene ntchito yawo iwo sankaiyesa kanthu. Kumzikiti ankaona mikeka ya m'mphepete mokhota itayalidwa pamzere wa amayi, n'kumayesetsa kuika mtima pa swala. Kusala kudya sikunawavutepo chiyambire, chifukwa manja akamaluka dzuwa limathamanga. Chaka chimenecho dzuwa linkangoima pamutu. Ankakalipira nkhuku, kukalipira amuna awo, kukalipira utsi.

Pa Idi, Ramazani atatha, kunabwera mwana wawo Zainab, mphunzitsi wa kupulayimale ku Balaka. Atadya, anatulutsa kabokosi m'chikwama.

"Amama, ndakugulirani. Nkhani ya mpeni ithere pano."

Munali chinthu chofiira, chonenepa, cholemera. Zainab anayamba kutulutsa za m'kati mwake chimodzichimodzi: kampeni, kasizasi, kasowo, chotsegulira zitini, chomangira masikuluwu.

"Nanga chopotanachi?"

"Chimenecho n'chotsegulira mabotolo a vinyo. Koma inu simudzachigwiritsa ntchito."

"Ndiye ndiziyenda ndi chotsegulira mowa m'chiuno, kulowa nacho mumzikiti?"

"Amama, n'chodula chimenechi."

Anayesa ndithu, poopa kumukhumudwitsa mwana. Kuti kampeni katuluke pankafunika kukakoka ndi chikhadabo, ndipo zikhadabo za munthu woluka zimakhala zoperepeseka. Katatuluka, kanali kafupi, chogwirira chikudzaza dzanja lonse. Anang'amba tsamba limodzi, n'kuchiika pamkeka. Che Salim anachitola mwaulemu, ndipo madzulo omwewo anali akumangira mabuleki a njinga, nkhope ili mwee.

"Chinthu chabwino kwambiri ichi," anatero.

"Chakupezani mwini wake," anayankha akazi awo.

Zainab anabwerera ku Balaka atatupa mtima. Koma nyengo yozizira itafika anaimba foni, n'kunena kuti waona mpeni wa kamphete m'sitolo ina ya zitsulo m'tauni. Abiti Zuberi sanadikire. Anakulunga masamba angapo a mlaza m'chikwama kuti akayesere, n'kukwera minibasi ya ku Balaka, kumene Zainab anawaperekeza kusitoloko.

Sitoloyo inali yodzaza ndi makasu, utoto ndi mipope. Mipeni inali m'kabati yagalasi. Mpeniwo anauona asanafike n'komwe pakauntala: mtengo wofiirira womwe uja, kamphete komwe kaja. Zinali ngati aona m'bale amene anasowa kalekale.

Mtsikana wogulitsa anautulutsa monyinyirika. Ataona mlaza ukutuluka m'chikwama, anagwedeza mutu.

"Iyayi, amayi. Kuyesera ayi. Mukadulira kanthu ndiye kuti mwagula."

"Ndigule chinthu ndisanaone ngati chikudya?"

"Ndi lamulo la abwana. Kutsegula kokha mukhoza."

Anautsegula. Kha-kha-kha, n'kuima nji. Kulira kwake kunali komwe kuja, kulemera kwake komwe kuja. Anayendetsa chala chachikulu m'mbali mwa chitsulo, n'kumva kuti ichi ndi chitsulo chenicheni. Kwa kanthawi anaiwala za mlaza, anaiwala za mtsikana uja.

Kenako anafuna kuutseka. Mpeni woterewu umatsekedwa polowetsa chala chamkombaphala m'kamphete, kukoka mwamphamvu, kwinaku ukukankha chitsulo. Dzanja linapita lokha monga linazolowera. Chala chinalowa m'kamphete, koma kukoka chinakana. Anayesanso, ululu unathamanga mpaka m'chigongono. Anayesa ndi chala chapakati, kamphete kanaterereka. Anasinthira kumanzere, mpeni unagwedezeka, makuthwa n'kudutsa pafupi ndi chikhatho.  Kumbuyo kwawo kunali bambo wofuna misomali, akuguguda phazi pansi.

"Bweretsani, mungadzicheke," anatero mtsikana uja. Anautenga n'kuutseka kamodzi n'kamodzi, maso ali kwina.

"Tigule basi, amama," anatero Zainab motsitsa mawu. "Ndi umene mumafuna uja. Watsopanowu ndi wolimba, udzafewa. Pakali pano ababa azikutsekerani."

"Bambo ako ndiziyenda nawo m'thumba? Kudambo ndizipita nawo? Ndikatsegula mpeni m'minibasi ndiziyamba ndaimba foni?"

"Nanga mukufuna chiyani kwenikweni? Wa kumsika munataya. Wanga munakana. Uwu ndi womwewo mwakhala mukuulira, mukuukananso. Amama, mukuvuta."

Abiti Zuberi anabweza mlaza m'chikwama n'kutuluka. Anayenda mpaka pamthunzi wa sitolo ina, n'kuima, akuyang'ana chala chawo. Miyezi yonseyi ankakwiyira ogulitsa, kukwiyira amuna awo, kukwiyira opanga zinthu zachabechabe. Tsopano mpeni weniweni unali utapezeka, ndipo chokana chinali dzanja lawo lomwe. Apa analibe womukalipira.

Usiku umenewo anagona kunyumba kwa Zainab. M'mawa mwake mwanayo anawaperekeza kudepoti asanapite kusukulu. Anawagwira dzanja lovulala lija, n'kulisisita pang'ono.

"Sindimadziwa kuti chikuwawabe chonchi."

"Pita ungachedwe," anatero mayi ake, koma dzanja sanalichotse msanga.

Pamphambano ya msewu wa ku Mangochi Abiti Zuberi anatsika kuti asinthe galimoto. Minibasi yopita ku Ulongwe inali yopanda anthu, ndipo iwo ankadziwa kuti sinyamuka posachedwa. Anakakhala pansi pa mtengo. Pafupi nawo panali bambo wachikulire atayala chiguduli pansi, pamwamba pake pali zinthu zimene anthu ena anataya: maloko opanda makiyi, mapedulo a njinga, mahinjesi adzimbiri, zivundikiro za mapoto. Anapatsana moni. Bamboyo anati dzina lake ndi Elliam, kwawo ndi ku Nkaya, ndipo amazungulira m'misika ndi chiguduli chakecho.

Abiti Zuberi sankafuna kanthu, maso okha ndi amene ankayenda pa katunduyo. Pakati pa mahinjesi panali kampeni kopinda, kakuda ndi dzimbiri. Mbali imodzi ya chogwirira inali ya nyanga, mbali inayo wina anaikapo kathabwa n'kukhomera ndi timisomali. Nsonga inali yoduka. Kamphete panalibe.

"Kameneka n'kamoyo?"

"Tayesani nokha, mayi. Ine sindinamizira katundu."

Kanatseguka molimba, koma popanda kufuna chikhadabo, chifukwa msana wa chitsulo unkatulukira moti munthu n'kutsina ndi zala ziwiri. Kumsana kwa chogwirira kunali chitsulo cholimba chimene chinkagwira mpeniwo ukatseguka. Anayesa kuugwedeza, sunagwedere. Anaukanikiza pa ntchafu cha kumsana kwake, unatsekeka kuti khapa. Anatsegulanso, kutsekanso. Chala chovulala chinalibe ntchito pamenepo.

"Ndingauyese pa mlaza?"

"Ngakhale pa mtengo uwu. Koma ndi wobuntha, yambani mwanola."

Anapeza mwala wosalala m'mbali mwa ngalande, kuthirapo madzi a m'botolo lawo, n'kuyamba kunola. Dzimbiri linachoka, pansi pake panaoneka chitsulo chotuwa. Anatulutsa tsamba la mlaza, kulowetsa mpeni, kukoka. Linang'ambika mowongoka mpaka kumapeto. Anang'amba lina, kenako lina.

"Sindikuukonda," anatero. "Ndi waufupi. Chogwirirachi chikundikanda. Ndipo ulibe choletsa kupindika, tsiku lina udzandidya chala china."

"Ukhoza kutero mukaukakamiza," anavomera a Elliam. "Ngati simukuufuna, usiyeni. Wina adzautenga."

Kuyankha kumeneko kunawakwiyitsa kuposa mabodza a pa Ulongwe, chifukwa panalibe potsutsa. Anauika pachiguduli. Anautolanso. Minibasi ija inali itadzaza tsopano, kondakitala akumenya chitseko ndi kuitana a ku Ulongwe. Anamasula mfundo ya chitenje, kulipira osanenerera n'komwe, n'kuthamangira galimoto, mpeni uli m'kathumba ka siketi.

Kunyumba anaupala chogwirira ndi galasi losweka mpaka kathabwa kaja kanasalala, n'kusongola nsonga pamwala. Anayenera kuphunziranso kagwiridwe. Tsopano amaugwira ndi chala chachikulu ndi chapakati, chovulalacho chitangogona pamwamba, ndipo sakanikiza chinthu cholimba, amatenga chikwanje. Ntchito imayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi kale. Mkeka woyamba umene analuka unatuluka wopendekera mbali imodzi. Che Salim anati sakuona cholakwika, iwo anati n'chifukwa chake amagulitsa matemba. Sanaugulitse mkekawo, anauyala m'khitchini poyanikira ufa. Wachiwiri unali bwinoko. Pofika nthawi yokolola nandolo, amayi anali atayambanso kubwera pakhomo.

Ukawafunsa lero za mpeniwo, sauyamikira. Amati ndi waufupi, amati ndi wonyansa, amati kukachita chinyezi umagwira dzimbiri msanga ndipo amachita kuupaka mafuta ophikira. Zainab akabwera patchuthi nkhani ya mipeni saiyambitsa. Tsiku lina Che Salim anafuna kudula chingwe cha dengu la matemba, n'kutambasula dzanja.

"Tandibwerekani kampeni kanu koipa kaja."

"Muli ndi chanu chofiira."

"Chili m'nyumba. N'kungodula kamodzi."

Abiti Zuberi anadzuka pamkeka, kupita pa njinga, kudula chingwecho okha, kupukuta mpeni pa chitenje, n'kubwerera kukakhala pa ntchito yawo.